Dzira la Nthawi ya Chitaganya

M'nyumba ina ya pansanjika yachitatu ku Alexandria munkakhala amuna awiri, ndipo m'mawa uliwonse mmodzi ankadzutsa mnzake ndi kulira kwa mbuzi. "Ma. Maa? Ma-a. Ma!" Ameneyo anali Fryson Namaona, atakhala patebulo la kukhitchini ndi wailesi ya kaseti, akutsanzira mayi wina wachitchaina amene ankalankhula m'kasetimo. Mnzakeyo, Lovemore wa ku Lusaka, yemwe ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu mu Washington, ankangodziphimba kumutu ndi pilo.

"Ba Fryson," ankatero ali kuchipinda, "iyo mbuzi yanu muipaseko mauzu, tigoneko naise."

Fryson anafika ku America mu 1984, atatumizidwa ndi ofesi yake ya ku Lilongwe kudzachita digiri ya za ubale wa mayiko. Kusukuluko aliyense ankayenera kuphunzira chilankhulo chimodzi chachilendo. Anzake anasankha Chifalansa, koma iye, posafuna kuyenda njira ya anthu wamba, anasankha Chitchaina, poti ankalota zokagwira ntchito ku ofesi ya kazembe ku Taipei. Atamuchenjeza kuti m'chilankhulocho liwu limodzi limasintha tanthauzo ukalikweza kapena kulitsitsa, iye anaseka chikhakhali. Akuti zimenezo Amalawi anachita kuyamwira, nanga mtengo wa mango ndi mtengo wa kumsika amausiyanitsa bwanji? Koma pa mayeso oyamba olankhula, pofuna kunena kuti mayi ake ali bwino kumudzi, lilime linaterereka, n'kuuza woyesayo kuti hatchi yake ili bwino kumudzi. Zolakwa za mtundu umenewo zinachuluka, ndipo analephera.

Kalata yochokera ku Lilongwe inali yaifupi. Mayeso obwereza anali mu Ogasiti, ndipo akalepheranso anayenera kulongedza katundu n'kubwerera, digiri ayi, Taipei ayi.

Amene anamumvera chisoni ndi mphunzitsi wake, Mayi Chen. Anamuuza mosapsatira kuti vuto lake linali lakuti makutu ake ankamva Chitchaina maola anayi okha pa sabata, kwinako kunali Chingerezi ndi Chinyanja cha Lovemore. Ndiye anati kuli banja lina ku Silver Spring lomwe lili ndi chipinda chopanda munthu. Akakhala kumeneko miyezi itatu, kudya nawo, kucheza nawo m'Chitchaina chokhachokha, mayeso a mu Ogasiti adzawoloka. Anawonjezanso kuti eni nyumbawo anachita kupempha okha kuti ngati m'kalasimo muli wa ku Malawi, chipindacho chikhale chake. Munthu wina akanafunsa kuti chifukwa chiyani wa ku Malawi. Fryson sanafunse, anangoti basi mbiri yake yafika patali.

Tinene chilungamo, Fryson sanali woipa mtima. Matenda ake anali pakamwa, panalibe chitseko. Ndipo ku America anapezako chinthu chomukomera kuposa zonse: chilankhulo chimene ankakhulupirira kuti palibe akuchimva. M'sitima ankanena zipewa za anthu, m'sitolo ankanena mimba za anthu, nkhope ili mwee, mwini wake akumwetuliranso osadziwa kuti akudyedwa miseche maso ndi maso. Lovemore anatopa n'kumuletsa.

"Mudala, uyu ni Washington. Muno muli bantu banayenda. One day muzakamba pa munthu wamene amvela."

"Amve ndani? Chichewa anachiphunzira kuti, m'ndege?"

Loweruka lina mu Meyi, Mayi Chen anatenga kalasi yonse kukadya nkhomaliro ku lesitilanti ya malume awo pafupi ndi H Street, kuti ophunzira akayesere kuitanitsa chakudya m'Chitchaina. Aliyense analoledwa kubwera ndi mnzake mmodzi, ndipo Fryson anakoka Lovemore. Anakwera masitepe opapatiza n'kukafika m'chipinda chonunkhira adyo ndi mafuta ena osadziwika. Tebulo linali lozungulira, pakati pali galasi lalikulu lomwe linkazunguliranso, kuti ndiwo zizibwera zokha kwa munthu. Lamulo la Mayi Chen linali limodzi: patebulo pano Chitchaina basi.

Mavuto a Fryson anayambira pa timitengo todyera. Anagwira monga anaphunzirira m'buku, koma timitengoto tinali ndi maganizo ake. Atati atole mtedza, mtedzawo unadumpha n'kukagwera m'kapu ya mtsikana wa ku Brazil. Atati atole kachiwiri, timitengo tinapingasana. Njala inali itamugwira, thukuta lili kamukamu, chakudya akuchiona koma osafika nacho kukamwa.

"Anthu ali ndi zala khumi," anang'ung'udza m'Chichewa, "koma kusankha kudyera mapesi."

Kenaka kunabwera timizere toyera tonyezimira. Mayi Chen anafotokoza kuti ndi kanyama kena kofewa ka m'nyanja yamchere. Fryson anatafuna, anatafunanso, chinthucho osatha mkamwa. Anati kwawo mphira wotere amamangira legeni. Kunabwera tizidutswa ta soya tofewa, akuti tofu, iye anati sopo wosachita thovu. Zitafika zipalapasiro mtima unakhala pansi pang'ono, poti izi ndiye ankazidziwa, koma atalawa anapeza kuti zathiridwa shuga. Zimenezi zinamupweteka kuposa zonse. Nkhuku inalakwanji kuti mapazi ake aphikidwe ngati mandasi?

Chokwiyitsa n'chakuti pa mbale iliyonse Fryson ankadzutsa mutu, kumwetulira, n'kunena mawu awiri amene anawaloweza bwino, akuti "hao chi," kutanthauza kuti n'chokoma. Akatero ankatembenukira kwa Lovemore n'kumasula thumba lonse. Lovemore yemwe ankangodya zake mwakachetechete, mwina kufunsa dzina la ndiwo, anamuponda phazi kawiri konse.

Amene ankabweretsa mbalezo anali mwini malowo, malume a Mayi Chen, bambo wamfupi wa imvi, dzina lake Liao. Ankayenda mwakachetechete, osalankhula zambiri. Koma atafika pa Fryson ndi mbale yomaliza, anaipereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono, bondo litapindika pang'ono. Anayang'ana Fryson m'maso, milomo ikunjenjemera ngati munthu amene wasunga nkhani yabwino.

Lovemore anachiona chimenecho. "Ba Fryson, mwaona mwamene bapelekela mbale? Monga ba kwathu. Nkhalani zii."

Fryson maso ake anali m'mbalemo. Munali dzira, ngati tingalitchule choncho. Choyera chake chinali chakuda chowala, chapakati chake chobiriwira, ndipo kafungo kake kanafika m'mphuno asanaliyandikire. Mayi Chen anati mazira amenewa amakonza okha akazi a malume awo, ndipo saperekedwa kwa mlendo wamba.

"Hao chi," anatero Fryson, asanalawe n'komwe. Kenaka, nkhope ikadali yomwetulira, anayang'ana bambo uja n'kunena m'Chichewa chomveka bwino: "Dzira ili nkhuku inaikira nthawi ya Chitaganya. Kwathu zoterezi timataya kudzala, ngakhale galu anganunkhize n'kubwerera. Ndiye nkhalamba iyi yaima apa ikusekerera chiyani? Mkazi wake akatidyetse zoola, ifenso tiombe m'manja?"

 Nkhani ija inali pamilomo pa bambo uja inabwerera. Anaweramitsa mutu, n'kupita kukhitchini, ndipo sanatulukenso mpaka alendo ananyamuka. Fryson anakankhira dzira lija pansi pa masamba a m'mbale, n'kupukuta pakamwa.

 Pobwerera, akutsika sitima pa King Street, Lovemore anangoti, "Imwe kamwa yanu izakupayisani."

Patatha masabata awiri, Mayi Chen anapatsa Fryson kapepala ka adiresi, nati banja lija likumuyembekezera Lamulungu masana. Fryson anasita suti, analoweza moni wautali wachitchaina, anakwera sitima mpaka ku Silver Spring, kenaka basi. Njira yonse ankabwereza moniwo, kukweza apa, kutsitsa apo, kuopa kutchulanso hatchi. Chipinda chimenechi chinali moyo wake, ndipo ankadziwa.

Nyumbayo inali yaing'ono, ya njerwa zofiira, kumbali kuli kadimba ka mpiru ndi anyezi. Anagogoda. Chitseko chitatseguka, anaona bambo wamfupi wa imvi uja, wa ku lesitilanti. Fryson anadabwa pang'ono, koma sanaope. Nanga akanaopa chiyani? Anawerama n'kuyamba moni wake uja, mawu ali m'malo mwake bwinobwino.

Bambo Liao anamudikira mpaka anamaliza. Kenaka anaomba m'manja mofatsa, nati: "Lowani, achimwene. Mwaswera bwanji? Kunyumba mwasiyako bwanji?"

Mawuwo anali Chichewa, chokhota pang'ono m'mbali, koma Chichewa chenicheni, cha ku Zomba.   Zinenero zitatu zonse zimene Fryson ankanyadira zinamuthawa nthawi imodzi. Analowa ngati mbuzi yokokedwa pachingwe, n'kukhala pampando umene anamulozera.

Pakhoma panali chithunzi. Bambo yemweyo, tsitsi likadali lakuda, ataima m'munda wa mpunga, matope mpaka m'mawondo, pakati pa alimi ovala zitenje ndi akabudula.

"Zaka zisanu ndi ziwiri," anatero Bambo Liao, ataona kumene mlendo akuyang'ana. "Tinapita kukathandiza ulimi wa mpunga kudambo la Chilwa. Anthu kumeneko ankanditchula Che Liyawo. Chichokereni kumeneko sindinalankhule Chichewa ndi munthu, ndimangolankhula ndekha m'dimbamo kuti ndisaiwale. Mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi wanu uja, atandiuza kuti m'kalasi mwake muli Mmalawi, sindinagone. Ndinamupempha kuti asakuuzeni kanthu. Ndinati ndidzamudzidzimutsa ndekha, ndidzamupatsa mbale, ndidzati, 'Idyani, achimwene, musachite manyazi.' Mawu amenewo ndinawayeserera sabata yathunthu."

"Bambo," Fryson anapeza mawu, "zija zinali nthabwala chabe. I didn't mean... Ifetu kwathu timangocheza choncho."

"Kwanu ndikukudziwa. Musandinamize za kwanu." Sanakweze mawu. "Tsiku loyamba kumudzi anandipatsa therere. Ndinaliona likutanuka kuchoka m'mbale mpaka kukamwa, mtima unanyansidwa. Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani, amadya bwanji. Mayi wina anandigwira dzanja n'kundisonyeza kapotozedwe kake, mudzi wonse unaseka, inenso ndinaseka. Ngumbi ndinadya. Mbewa ndinadya, ndi ubweya womwe. Sindinganame kuti zonse zinandikomera. Koma munthu akakupatsa chimene iye amachikonda, wakupatsa mtima wake."

Anaimirira, n'kubwera ndi kambale kali ndi dzira limodzi losasenda, lokutidwa ndi dothi louma ndi mankhusu. Analiika patebulo pakati pawo.

"Ili silinaikiridwe nthawi ya Chitaganya. Ndi la bakha, la mwezi wa Malichi. Siloola. Timalikuta ndi phulusa, mchere ndi laimu, n'kulisiya lipse lokha popanda moto. Phulusa, achimwene. Lomwe lija amayi anu amatchezera chidulo chophikira therere. Ine nditaona chidulo koyamba ndinaseka, ndinati anthu awa ndi abale athu, nawonso amadziwa kuti phulusa limaphika. Mukanafunsa, ndikanakuuzani zimenezi patebulo paja, ndipo tikanaseka limodzi."

Fryson anayang'ana pansi. Manyazi amene anamugwira sanali a masewera. Anapepesa m'Chichewa, anapepesa m'Chingerezi, anayesa ndi m'Chitchaina momwe. Anafotokoza za kalata ya ku Lilongwe, za mayeso a mu Ogasiti, za mkazi wake Anjimile amene anali atauza kale abale onse kuti akupita ku Taipei. Bambo Liao anamvetsera zonse, akugwedeza mutu.

"Zoti munanditcha nkhalamba ndakhululuka, ndine nkhalambadi. Koma imvani. Tsiku lija nditalowa kukhitchini, mkazi wanga anandifunsa kuti, 'Mmalawi wako uja wati chiyani za mazira anga?' Iyeyo ku Malawi sanapiteko, anatsala kwathu ndi ana. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuuza kuti kulibe anthu aulemu ngati Amalawi. Ndiye ndikanamuyankha chiyani? Ndinamuuza kuti mwati simunadyepo dzira lokoma chotero. Zaka makumi anayi tili m'banja sindinamunamizepo, ndinayambira pa inu."

Anapumira kaye, n'kupitiriza. "Mukakhala muno miyezi itatu, iye aziphika, inu muziti hao chi, ine ndizimva zinazo, kapena ndiziganiza kuti mukuzinena mumtima. Ndiye ndizinama tsiku ndi tsiku patebulo langa lomwe. Ayi, achimwene. Chipinda chilipo, koma si chanu. Mkazi wanga ndamuuza kale kuti mwapeza malo pafupi ndi sukulu. Limenelo ndi bodza lachiwiri, ndipo lachitatu sindinena."

Nthawi yomweyo chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Kunatuluka mayi wamfupi wansangala, akupukuta manja, atanyamula kabokosi komanga ndi ulusi wofiira. Analankhula Chitchaina mofulumira, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni sukulu Fryson anamva liwu lililonse. Mayiyo ankati n'zachisoni kuti sakhala nawo, koma popeza anawakonda kwambiri mazira aja, wamusankhira asanu ndi limodzi, abwino okhaokha, akadye ndi mnzake.

Fryson anaimirira, analandira ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake awiri aja, koma ataona maso a Bambo Liao anawameza. Anangowerama.

M'sitima ya Red Line anakhala pakona, kabokosi kali pamiyendo. Moyang'anana naye munakhala bambo wina wovala chipewa chachikulu chobiriwira, cha nthenga, chipewa choti masiku ena chikanamudyetsa nkhani kuchokera ku Takoma mpaka ku Gallery Place. Tsiku limenelo sanachinene. Atafika kunyumba anaika kabokosiko patebulo n'kufotokoza zonse. Lovemore anagwira m'chiuno, anayamba kunena kuti "Sininakuuzeni," koma analekeza panjira, poti munthu amene wagwa kale sumukankhanso.

Mayi Chen sanafunse chimene chinachitika, ndipo banja lina sanamupezere. Chipinda chija anapatsidwa mtsikana wa ku Brazil, yemwe uja mtedza unagwera m'kapu mwake. Fryson anabwerera ku kaseti yake. Juni yense ndi Julaye yense mbuzi inalira m'khitchini muja, koma kaseti siyankha munthu, sikonza munthu akalakwitsa. Mu Ogasiti analowa m'chipinda cha mayeso, woyesa analankhula mofulumira monga amalankhulira anthu m'nyumba zawo, ndipo Fryson anagwira mawu amodzi mwa atatu. Mtsikana wa ku Brazil anakhoza.

Tsiku lolongedza katundu, Lovemore anatsegula kabokosi kaja. Munali mutatsala dzira limodzi, asanuwo anali atadya yekha pang'onopang'ono ndi phala la mpunga, monga anamulangizira mnzake wa kuntchito. Analisenda, analidula pakati, n'kukankhira theka kwa Fryson. Fryson analiyang'ana, anatola ndi zala, analawa. Linali lofewa, lamchere pang'ono, ndipo kumapeto kwa lilime kunatsala kakomedwe kena kamene anakadziwa nthawi yomweyo. Kanali ka chidulo, ka therere la mayi ake.

"Lili bwanji?" anafunsa Lovemore.

 Misozi inali italengeza m'maso mwa Fryson, ndipo munthu woyenera kumva yankholo anali ku Silver Spring, kuseri kwa chitseko chimene iye anadzitsekera yekha ndi pakamwa pake, milungu iwiri asanachigogode n'komwe. Akuluakulu sananame: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.